Ilala Yakwanitsa Zaka 75: Tiyeni Tikaikwere

Lipenga la Ilala likangolira kuseri kwa phiri, mudzi wonse wa Ruarwe umatsikira kugombe. Mayi amasiya mtondo chinangwa chili momwemo, ana amathamanga osayang'ana pansi, anyamata amakankhira mabwato m'madzi. Ngakhale gogo amene sakuyembekeza mlendo kapena katundu amatenga ndodo yake n'kukakhala pamwala kuti aone amene atsike. Zakhala chonchi kuyambira 1951. Chaka chino cha 2026 sitimayi yakwanitsa zaka 75 ikung'amba madzi a nyanja ya Malawi, ndipo ife tikuti chimwemwe chimenechi n'cha dziko lonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ngakhale eni ake enieni ndi anthu a m'magombe amene msewu sufikako.

Ilala inabadwa pambuyo pa maliro. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya, imene inali yatsopano, inagubuduzika pa mphepo yamkuntho chakumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Mpaka lero palibe ngozi ina ya panyanja yathu imene inaposa imeneyo. Anthu a m'mbali mwa nyanja anatsala ndi chisoni komanso mantha, koma kuyenda sakanasiya, pakuti njira ina panalibe. Mu 1949 kampani ya Yarrow, ku Scotstoun mumzinda wa Glasgow ku Scotland, inapanga sitima ina yoti igwire ntchito pansi pa Nyasaland Railways. Anaimasula zidutswazidutswa, n'kuilongedza m'mabokosi, n'kuitumiza panyanja yamchere mpaka ku Beira. Kuchokera kumeneko inabwera pa njanji, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, mpaka kufika ku Chipoka. Amisiri anailumikizanso chitsulo ndi chitsulo kuno kwathu, ndipo mu 1951 inayamba ulendo umene sunathe mpaka lero. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52. Kwa munthu amene anaona zisitima za ku Durban kapena Dar es Salaam, n'kanthu kakang'ono. Kwa mwana wa ku Chizumulu, n'chinthu chachikulu kuposa chilichonse chimene anaonapo chikuyenda.

Dzina lake silinali lachilendo panyanjapa. Ilala yoyamba inalowa m'nyanja mu October 1875, itanyamula a mishoni ya Livingstonia, pakati pawo Dr Robert Laws. Imeneyo anaisenza pamutu ndi pamapewa makolo athu mazanamazana, kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, zidutswa zake zili m'misana ya anthu amene mabuku sanawalembe maina. Dzinalo linachokera ku dera la Ilala m'dziko la Zambia, kwa mfumu Chitambo, kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Ndiye kuti dzina limeneli lakhala likumveka m'magombe athu kwa zaka zoposa 150.

Achinyamata a lero, amene foni ili m'thumba usana ndi usiku, mwina sangamvetse kuti thumba la makalata linali chiyani. Tiyeni tiwauze. Kwa zaka zambiri amuna a ku Nkhata Bay, Likoma, Nkhotakota ndi madera ena a kunyanja ankapita kukagwira ntchito kutali: ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, ku Salisbury ndi Bulawayo, ku migodi ya mkuwa ku Zambia. Ena ankabwerako pakatha zaka ziwiri. Ena ankatha zaka khumi, mpaka kumudzi n'kuyamba kuwatchula kuti matchona. Chingwe chokha chimene chinkalumikiza munthu wotere ndi mkazi wake, amayi ake ndi ana amene anawasiya akukwawa chinali kalata. Ndipo kwa anthu a pazilumba ndi a m'midzi yopanikizika pakati pa phiri ndi madzi, kalatayo inalibe miyendo ina koma sitima.

Thumba likatsika, nkhani inkafalikira mudzi wonse lisanamasulidwe n'komwe. Anthu ankaunjikana pa positi ofesi, kapena kwa aphunzitsi, kapena ku mishoni, malinga ndi keyala imene achibale ankagwiritsa ntchito, pakuti banja limodzi silinkakhala ndi bokosi lakelake. Wowerenga maina ankakweza mawu. Amene dzina lake latchulidwa ankalandira envulopu ndi manja awiri, n'kuibisa m'nsalu, osaitsegula pagulu. Amene sanatchulidwe ankabwerera mwakachetechete, akudzitonthoza kuti mwina sitima ya sabata yamawa. Mayi wosadziwa kuwerenga ankaitana mdzukulu wa sitandade 4, n'kukhala naye kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwana uja ankatulutsa mawu a bambo ake aang'ono limodzilimodzi, akugunda chala pa pepala. Zinsinsi zambiri za m'mabanja zinadutsa pakamwa pa ana otere, ndipo ambiri anazisunga mpaka kukalamba.

Mu thumba lomwelo munkabwera zonse za moyo. Munkabwera ndalama za positi oda zolipirira sukulu fizi ndi msonkho. Munkabwera chithunzi cha mnyamata atavala suti ndi chipewa, ataima pambali pa wailesi imene mwina sinali yake, koma kumudzi ankachipachika pakhoma ngati umboni wakuti mwana ali moyo. Munkabwera kalata yoitana mwana ku sekondale, imene inkachititsa mudzi wonse kululutira. Munkabweranso uthenga wa maliro, wofika munthu ataikidwa kale masabata atatu apitawo, ndipo anthu ankayamba kulira tsiku limenelo ngati wamwalira m'mawa womwewo. Sitima imodzi, tsiku limodzi, nyumba ina nthungululu, nyumba ina chiliro. Tikamati Ilala ndi mbali ya mbiri yathu, tikunena zinthu ngati zimenezi. N'chifukwa chake zinali zoyenera kuti sitima yonyamula makalatayi nayo ijambulidwe pa masitampa a dziko lino, monga zinachitikira.

Lero makalata achepa. Uthenga umafika pa WhatsApp, ndalama zimalowa mufoni munthu ali pamphasa. Koma foni sinyamula thumba la chimanga. Sinyamula malata, simenti, sopo, shuga, mafuta ophikira, matiresi, njinga yamoto kapena bokosi la mabuku a sukulu. Boma la Likoma lili ndi anthu oposa 14,000 malinga ndi kalembera wa 2018, pa zilumba ziwiri za miyala ndi milambe zimene sizingalime chakudya chokwanira onsewo. Chimanga chawo chambiri chimaoloka nyanja. Nsomba zawo nazo, usipa ndi utaka wouma pa thandala, zimaoloka kupita ku misika ya ku Mzuzu ndi Lilongwe. Ndipo mwambo wotumizirana sunafe. Imani padoko la Nkhata Bay Lolemba madzulo muone makatoni omangidwa ndi mphira, atalembedwa dzina ndi nambala ya foni ndi inki yakuda, akuperekedwa kwa munthu amene akukwera. "Akulu, mukandiperekere aka kwa amayi, akakudikirani pagombe." Imeneyo ndi positi ya masiku ano, ndipo imayendera kukhulupirirana basi.

Tsono amene simunakwerepo, tamverani mmene ulendowu umakhalira. Mwa chizolowezi chake cha zaka zambiri, Ilala imanyamuka Lachisanu m'mawa ku Monkey Bay, kumene eni dera amati ku Lusumbwe, n'kulunjika kumpoto mpaka ku Chilumba m'boma la Karonga, ulendo wa makilomita pafupifupi 480, kenaka n'kubwerera kudzafika Lachitatu. Ikatuluka pakati pa mapiri a Monkey Bay, nyanja imatseguka mwadzidzidzi, ndipo munthu amene anazolowera kuiona ali pamchenga amazindikira kuti sankaidziwa. Madzi amasintha mtundu, kuchoka pa obiriwira a m'mbali kufika pa akuda bii a pakati. Nkhwazi imalira pamwamba. Kutali uko mumaona ngati utsi wa moto ukutuluka m'madzi, mizati italiitali yakuda, koma si moto ayi, ndi nkhungu, tizilombo timene anthu a kunyanja amakola ndi dengu n'kupanga ndiwo.

Usiku ndiye osanena. Mwezi ukakhala mumdima, asodzi a usipa amatuluka ndi nyali zawo, siginala ali patsogolo m'bwato lake kuitana nsomba kuti zilowe mu chilimira. Nyalizo zimandandalika mazanamazana mpaka kumene maso alekezera, moti umasokonezeka kuti nyenyezi zathera pati ndipo nyanja yayambira pati. Amene anati iyi ndi nyanja ya nyenyezi anaona zimenezi. Injini imangoti gudugudu pansi pa mapazi, mphepo yozizira ikuwomba, ana agona pa zitenje, ndipo amuna ena akukambirana za mpira ndi mitengo ya feteleza mpaka tambala woyamba, amene naye ali m'sitima momwemo, womangidwa miyendo pansi pa benchi.

Ikadutsa Nkhotakota imaoloka nyanja kulowera kuvuma, ndipo Loweruka mumaona Likoma akutuluka m'madzi ndi milambe yake, mapiri a Mozambique ali kumbuyo kwake pafupi kwambiri ngati mungawakhudze. Zilumba ziwirizi, Likoma ndi Chizumulu, ndi nthaka ya Malawi yozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Sitima imaima maola angapo, nthawi yokwanira kuti mlendo akwere kamtunda kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Munthu ukalowamo umadzifunsa kuti nyumba yaikulu chonchi inamangidwa bwanji pa chilumba chaching'ono chotere, ndipo yankho lake ndi lomwelija: manja a anthu, ndi sitima.

Koma kwa ife chigawo chokoma kopambana ndi cha kumpoto kwa Nkhata Bay, chimene sitima imadutsa Lamulungu dzuwa likuswa mtengo. Kumeneko mapiri amagwera m'nyanja mwachindunji, osasiya malo oti msewu udutse. Midzi imakakamira m'mbali mwa phiri ngati zisa za mpheta, minda ya chinangwa ili pamwamba pake, mitsinje ikugwa m'mathithi n'kulowa m'nyanja. Chakumeneko ndiye kuli madzi akuya kwambiri, ofika mamita 700. Usisya uli ndi kachigwa kake ndi kamsewu kotsetsereka kochokera kumtunda, kamene nthawi yamvula dalaivala amayamba wapemphera asanatsike. Ku Ruarwe ndi ku Tcharo ndiye mwendo kapena madzi. M'malo otere sitima siyandikira gombe. Imaponya nangula patali, amalinyero n'kutsitsa maboti ake awiri a m'mbali, ndipo anthu, matumba, nkhuku ndi makanda zimatsika pa makwerero kulowa m'botimo. Mabwato a m'mudzi amazungulira sitima, ena kugulitsa nthochi ndi nsomba zootcha, ena kudzatenga abale awo. Phokoso, kuitanizana m'Chitonga ndi m'Chitumbuka, kuseka, kukumbatirana anthu ali m'madzi ofika m'mawondo. Pakatha ola limodzi lipenga limalira, ndipo mudzi umabwerera mwakale mpaka sitima idzadutsenso.

Sitikufuna kunamiza munthu kuti zonse ndi zokoma. Pamwamba pa sitima, pamene pamakhala alendo ochokera kunja ndi ena a ndalama zawo, pali mphepo yabwino, malo ogulitsira zakumwa ndi zipinda zogona. Pansi, pamene pamakwera anthu ambiri, pamakhala pothinana, potentha, ndipo nthawi zina munthu amagona chokhala, mutu uli pa thumba la usipa. Nthawi ya mwera, kuyambira May mpaka August, mafunde amakula moti ngakhale wozolowera amagwira chitsulo. Kutsika m'boti usiku, mwana ali kumbuyo, katundu ali pamutu, mafunde akumenya, si chinthu choti mayi wa dziko lino azichitabe patatha zaka 62 tili pa ufulu wodzilamulira. Ndipo sitima imachedwa, nthawi zina maola ambiri, chifukwa siinyamuka katundu wa anthu asanathe kutsika. Ife kuchedwa kumeneko timakukhululukira. Kusowa kwa madoko abwino m'malo ambiri oima ndiye sitingakukhululukire.

Pa chikondwerero ngati ichi tiyenera kutchula amene agwira ntchito. Chitsulo pachokha sichikhala zaka 75 m'madzi. Pali makaputeni amene amadziwa mwala uliwonse wobisala pakati pa Likoma ndi Chizumulu, amene amaona mtambo n'kudziwa kuti mpoto wayandikira. Pali mainjiniya amene amakhala pansi m'chipinda cha injini, m'kutentha ndi m'phokoso, alendo ali pamwamba kujambula dzuwa likulowa. Pali amisiri a ku Monkey Bay amene akhala akuikweza padoko lokonzera, kuipala dzimbiri, kuwotcherera ndi kuipaka utoto. Pali oyendetsa maboti aang'ono aja, amene amanyamula nkhalamba m'manja kuiika pamchenga. Pali ophika, ogulitsa matikiti, olemba katundu. Ena a iwo anaphunzira ntchito pa sukulu ya zapamadzi ya ku Monkey Bay komweko, ena anaiphunzira kwa akulu anzawo pa sitima pomwepo. Mabungwe oyendetsa sitimayi asintha kangapo, kuchoka ku Nyasaland Railways, kubwera Malawi Railways, Malawi Lake Services, kenaka Malawi Shipping Company. Mbendera nazo zasintha: inayamba nthawi ya atsamunda, inaona chitaganya cha 1953 chikubwera n'kutha, inaona ufulu wa 1964, inanyamula anthu a chipani chimodzi ndi a zipani zambiri. Antchito aja ndiwo sanasinthe mtima. Kwa onsewo, amoyo ndi amene anatsogola, tikuti zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni pamodzi ndi mabanja anu.

Anthu a ku Likoma amakumbukira bwino za 2012, pamene Ilala inaima kwa miyezi yambiri, mpaka kulowa mu 2013, kuti aiike mainjini atsopano. Katundu anakwera mtengo m'masitolo. Anthu ankaoloka nyanja pa maboti amatabwa odzaza mopitirira muyeso, mitima ili m'mwamba. Odwala ofunika kupita ku chipatala chachikulu kumtunda anavutika. Miyezi imeneyo inationetsa mmene moyo udzakhalire tsiku limene sitimayi idzaime osadzukanso, ndipo tsiku limenelo likubwera, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Zilipo sitima zina zimene zathandizapo, monga Mtendere kale ndi Chilembwe m'zaka zaposachedwapa, koma palibe imene yasenza mtolo wonse wa Ilala, wa anthu mazana ndi katundu matani ambiri pa ulendo umodzi, kuima pa gombe lililonse.

Maiko ena anapeza nzeru pa nkhani yomweyi. Ku Norway, sitima za Hurtigruten zinayamba mu 1893 ngati zonyamula makalata, katundu ndi anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya kumpoto. Lero zimayendabe pakati pa Bergen ndi Kirkenes, kuima pa madoko 34, ndipo anthu ochokera m'maiko akutali amalipira ndalama zambiri kuti akwere nawo, pamene mwini mudzi akukwera sitima yomweyo kupita ku tauni yotsatira. Ku New Zealand, boti la makalata la Pelorus limanyamuka ku Havelock kukapereka makalata ndi zakudya kwa mabanja okhala m'magombe opanda msewu, litanyamulanso alendo ofuna kuona malo, ndipo matikiti a alendowo amathandiza kuti ntchitoyo ipitirire. Ife tili nazo zonse ziwiri, nyanja yokongola ndi anthu ofunika kuwafikira. Chimene tikupempha n'chakuti dongosolo lisatembenuke. Mlendo ndi wolandiridwa, abwere ndi kamera yake, koma sitima ndi ya mayi wa ku Tcharo amene akupita ndi mwana kuchipatala. Tsiku limene wina adzanene kuti kuima pa midzi ing'onoing'ono n'kutaya mafuta, tidzakhala titataya chifukwa chimene Ilala inabwerera.

Choncho kwa boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, mphatso yoyenera gogo wathuyu pa zaka 75 ndi mdzukulu womulowa m'malo iye akali moyo: sitima yatsopano yolimba pa mwera, yokwana anthu ndi katundu wawo, yokhala ndi malo aulemu kwa okwera pansi, ndi madoko oti munthu azitsika osavula nsapato. Ndalama zake zilembedwe mu bajeti, zisamangomveka pa misonkhano ya kampeni. Ndipo Ilala ikadzapuma, isadzadulidwe n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Idzaimikidwe pa Monkey Bay kapena Nkhata Bay, ana a sukulu azikalowamo, azikagwira chiwongolero, azikamva za Vipya, za matchona ndi za thumba la makalata. A positi nawo atulutse sitampa ya chaka chino. A wailesi atume atolankhani ku Usisya ndi ku Likoma akajambule mawu a okalamba amene anaiona ikubwera koyamba ali ana, pakuti atsala ochepa, ndipo aliyense wa iwo ali ndi nkhani imene palibe buku linailemba.

Kwa mafumu, mipingo ndi sukulu za m'magombe, musadikire kuti chikondwerero chichokere ku Lilongwe. Tsiku limene sitima idzafike kwanu, tulutsani malipenga ndi chilimika, amayi avale zitenje zawo, ana aimbe, kaputeni ndi anyamata ake atsike adzadye kondowole ndi batala. Iwo akhala akukubweretserani zinthu kwa zaka zonsezi. Kamodzi kokha alandire nawo.

Ndipo inu owerenga athu a ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, inunso a ku Johannesburg ndi ku Leeds amene mumabwera kumudzi pa Khirisimasi, ambiri mwa inu mwaona nyanja muli pa mpando wa pahotela, mapazi ali pamchenga. Simunaione. Patulani masiku atatu okha. Ngati ulendo wonse ukutalikirani, kakwereni pa Nkhata Bay kupita ku Likoma, kapena kulowera kumpoto mpaka ku Chilumba. Funsani kaye tsiku ndi nthawi kwa oyendetsa sitima, tengani juzi, chitenje ndi mtima wodekha. Tengani ana. Mukakwera, musakhale pamwamba pokha. Tsikani pansi mukacheze ndi anthu, mugule nsomba kwa mnyamata wa m'bwato, ndipo wina akakupemphani kuti mumuperekere katoni kwa amayi ake pagombe lotsatira, landirani ndi manja awiri, mukapereke.